Ukawauze za Magulu Atatu Aja

Nsambe, Neno
Lachitatu masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku Matandani kumene wakatsanzika azakhali ako. Bambo ako apita kudimba kukathirira kabichi, ndiye pakhomo pali zii ndipo ndapeza mpata. Ndiiika m'thumba la m'kati la kachikwama kako, momwe muli pasipoti. Ukaiwerenge m'ndege kapena ukafika ku Ulayako, koma lisanakwane tsiku lokaonana ndi apulofesa ako.

Lamlungu tikusankha mbatata pakhonde unandifunsa funso, ine n'kungoti tidzakamba. Ndinaona nkhope yako kuti waganiza kuti ndakwiya. Sindinakwiye. Nkhani zikuluzikulu zimandikanika pakamwa, umandidziwa. Ndiye ndikuyankha papepala.

Ndiyambe ndabwereza zimene unatiuza, kuti ngati ndinamva mokhota udziwe pamene malangizo anga akhotera. Unati mlalang'amba umene timauona kumwamba m'chilimwe ndi umodzi chabe mwa yosawerengeka, ndipo milalang'ambayo imakhala m'magulu, mazanamazana pamodzi. Pakati pa milalang'amba ya gulu limodzi pali mpweya wotentha koopsa, madigiri mamiliyoni ambiri. Maso sauona, koma umatulutsa kuwala kwa ekisireyi, komwe kuja ine ndinkaunikira zifuwa za anthu kuchipatala zaka zonse zija. Kuwalako sikufika pansi pano chifukwa mpweya wa dziko lathu umakutchinga, n'chifukwa chake makina ojambulira anawatumiza mumlengalenga, inu mumangolandira zithunzi pa kompyuta. Mukadziwa kutentha kwa mpweya uja mumadziwa kulemera kwa gulu lonse, pakuti gulu lolemera ndi limene lingagwire mpweya wotentha chotero osalithawa. Magulu akutali kwambiri mumawaona mmene analili kalekale, chifukwa kuwala kwawo kwakhalitsa panjira. Ndiye mukayerekeza magulu akale ndi a posachedwa, kuchuluka kwawo ndi kulemera kwawo, mumadziwa mmene chilengedwe chonse chakhala chikukulira. Ndinamva choncho.

Kenako unafika pa nkhani yako. Pa kafukufuku amene unamalizira digiri yako yachiwiri unapeza kuti magulu ena akutali ndi olemera kuposa mmene anthu ankayembekezera. Apulofesa a ku Ulaya aja anawerenga zimenezo, anachita nazo chidwi, n'kukuitana kuti ukaphunzire pansi pawo. Koma mwezi watha unayang'ana zithunzi zina zooneka bwino, zojambulidwa ndi makina ena, ndipo unaona kuti m'magulu atatu mwa amenewo muli kadontho kowala kamene si mpweya uja. Unati ndi chinthu chimene mumachitcha dzenje lakuda, chimene chimameza zoyandikana nacho, zomezedwazo n'kumawala kwambiri. Kuwala kwa kadonthoko kunasakanikirana ndi kwa mpweya, mpweyawo n'kuoneka wotentha kuposa mmene ulili. Ukakachotsa, magulu atatuwo amalemera monga anzawo onse, ndipo chinthu chachilendo chimene unaitanidwira chimachepa kwambiri. Palibe wina akudziwa.

"Amayi, ndikhoza kungokhala chete n'kumakonza pang'onopang'ono ndili konko," unatero. "Ndikawauza, mwina anena kuti anandiitana pa zabodza, andibweze."

Bambo ako anasiya kumanga thumba n'kufunsa kuti, "Kodi pali munthu amene angafe nazo zimenezo?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye zisiye, mwana wanga. Nyenyezi sizikadandaula kwa munthu."

Bambo ako ndi munthu wabwino ndipo amanena pokukonda. Koma yankho langa ndi lina. Ukawauze. Ukawauze sabata yoyamba, usanazolowere ofesi, usanayambe kumwa nawo tiyi n'kumaseka nawo. Zotsatirazi ndi zifukwa zanga, ndipo zonse ndi zolakwa zanga.

Mwezi wanga woyamba pantchito kunabwera mayi wina wachikulire wodandaula chifuwa. Masiku amenewo kunalibe makompyuta. Tinkajambula pa filimu, n'kukaitsuka ndi mankhwala m'chipinda chamdima, n'kuiyanika. Nditaika filimu ya mayiyo pa galasi lowala ndinaona chinthu chozungulira, choyera mbee, chili pa mapapo a kumanja. Ndinaona ngati ndapeza chinthu chimene ena onse akanachiphonya. Ndinatuluka n'kuuza mwana wawo wamkazi amene anawaperekeza kuti, "Mwa amayimu muli chinthu, mupemphere." Kenako ndinathamangira kwa a Nkhoma, adokotala amene ndinkagwira nawo ntchito. Anayang'ana filimuyo kamodzi, anatuluka, n'kupempha mayiyo kuti atembenuke. Kumsana kwawo, m'kati mwa nsalu, kunali mendulo ya kutchalitchi imene inazungulira pa chingwe chake. A Nkhoma anaikweza m'mwamba anthu onse a pabenchi akuona, n'kunena kuti, "Mayi, musanapeze matenda muziyamba mwavula odwala mikanda." Anthu anaseka. Anamwino ananditcha Namendulo mpaka chaka chinatha.

Ndakuuza zimenezi kuti udziwe kuti kulakwa kwako si kwachilendo. Aliyense wowerenga zithunzi zimamuchitikira: chinthu chowala chimakhala pamene sichiyenera kukhala, ndipo chifukwa ukufunitsitsa kupeza chachikulu, suyamba wafunsa ngati ndi mendulo. Apulofesa ako akhala pa ntchito imeneyi kuyambira iwe usanabadwe. Sindikukhulupirira kuti kadontho kotere sikanawapusitsepo. Unagwiritsa ntchito zithunzi zimene unali nazo, ndipo zabwino zitapezeka unabwerera wekha kukayang'ana popanda wokutuma. Mpaka pamenepo palibe bodza. Bodza lidzayamba tsiku limene udzakhale pamaso pawo, iwo akuyamikira magulu atatu aja, iwe n'kumagwedeza mutu.

Tsoka lake, ine pa nkhani ya mendulo ndinaphunzirapo zolakwika. Ndinayenera kuphunzira kuyang'anitsitsa. Chimene ndinatolapo ndi mantha, kuopa kusekedwa. Ndipo manthawo ndinakupatsira iwe.

Uli Sitandade sikisi unakhala nambala folo pa mayeso a teremu yachiwiri. Unabwera ndi lipoti ukumwetulira, chifukwa masamu unakhoza onse. Ine ndinayang'ana nambala yokha. Sindinakumenye, koma ndinatha masiku awiri osakuyankhula, chakudya ndikungokuikira patebulo. Patapita miyezi ndikukonza denga la khitchini, ndinapeza mapepala ako a mayeso atapindidwa bwinobwino, atalowetsedwa muudzu. Onse anali a mayeso amene sunakhoze bwino. Ndinawabwezera pomwepo osanena kanthu, chifukwa nthawi imeneyo unali utabwerera pa nambala wani ndipo ndinkaona ngati njira yanga yagwira ntchito. Lamlungu lija, utanena kuti ukhoza kungokhala chete n'kumakonza pang'onopang'ono, ndinazindikira mawu a mwana amene ndinamulera ndekha. Kubisa ndinakuphunzitsa ndine. Ndikupempha kuti chimenechi uchisiye kuno, usakwere nacho ndege.

Tsopano za kanenedwe kake, chifukwa napo ndinalakwitsapo. Patapita zaka zingapo chichitikire za mendulo, ndinajambula mkono wa kamtsikana kamene kanagwa mumtengo wa mango, ndipo ndinaika chilembo cha kumanja pa filimu ya mkono wakumanzere. Ndinazindikira filimu itapita kale kuwodi. Ulendo umenewo ndinaganiza zokanena. Ndinalowa mu ofesi ya a Nkhoma misozi ili m'maso, n'kuyamba kufotokoza kuti magetsi anazima kawiri, mnzanga sanabwere kuntchito, mzere unali wautali, sindinadye chichokere m'mawa. Anandimvera pang'ono kenako anandidula.

"Mayi, walakwika ndi mkono uti?"

"Wakumanzere ndaulemba kuti wakumanja."

"Wa mwana uti?"

Ndinawauza dzina.

"Mwakonza?"

"Ayi."

"Pitani mukakonze, mundibweretsere."

Basi, nkhani inathera pomwepo. Sanaikumbutsenso. Kuyambira tsiku limenelo, filimu ikawakayikitsa ankandiitana ine kuti tiyang'ane limodzi. Ndiye iwe ukamakawauza apulofesa ako usakalire, usakanene za intaneti ya kuno kapena za mphunzitsi wako wakale amene sanaone kadonthoko. Ukanene chimene chinalakwika, pamene kulakwako kwafika, ndi chimene wachita kale. Ukapite ndi zithunzi zonse ziwiri, zakale ndi zatsopano, ndi kulemera kwa magulu atatuwo ukachotsa kadontho. Ukayang'anenso magulu otsala onse usanalowe mu ofesi yawo, kuti akakufunsa ngati alipo ena usakayankhe kuti kaya. Munthu wobwera ndi cholakwa pamodzi ndi makonzedwe ake samuthamangitsa kawirikawiri. Sindikulonjeza kuti sakhumudwa. Akhoza kukhumudwa, ndipo ndi ufulu wawo.

Ukufuna kudziwa ngati angakubweze. Sindikudziwa. Sindinakhaleko ku mayunivesite a kunja, ndipo sindikunamiza kuti ndikudziwa mitima yawo. Akakubweza, chipinda chako chilipo, ndipo masukulu ofuna mphunzitsi wa sayansi ndi ambiri pamene ukufunafuna khomo lina. Anthu adzayankhula kumsika kwa mwezi umodzi kenako adzapeza wina womunena. Zimenezo tikhoza kuzisenza. Ukawauze.

Pali kena kakang'ono kamene ndiyenera kuvomera. Zaka zonsezi amayi a kutchalitchi akamafunsa zimene ukuphunzira, ndinkangoti za ekisireyi, n'kuwasiya aganize kuti watsata mapazi anga kuchipatala. Ndinkachita manyazi kunena kuti mwana wanga amayeza kulemera kwa zinthu zakumwamba, kuno anthu akuyenda mtunda wautali kufuna panado. Ukukumbukira mayi Jere, a m'kwaya aja, atabwera chaka chatha atagwira m'chiuno kuti uwaone msana? Unawakhazika pampando n'kuwafotokozera ntchito yako yonse mofatsa. Iwo anamvetsera mpaka pamapeto n'kufunsa kuti, "Ndiye kumwambakonso kuli odwala, eti?" Unaseka nawo limodzi, n'kuwauza tsiku loyenera kupita kuchipatala. Ine ndinali m'khitchini, manyazi atandigwira, osati chifukwa cha iwe koma chifukwa cha ine. Kunjako udzakumana ndi okufunsa kuti munthu wochokera kudziko losauka akutayiranji nthawi pa milalang'amba. Enanso adzakhala a kuno komwe. Usadzipepese. Uziwayankha mmene unawayankhira mayi Jere.

Za moyo wa tsiku ndi tsiku sindinena zambiri, ndiwe wamkulu. Jekete limene tinagula ku Limbe ndi la kuzizira kwa kuno, ukafika ukafunse anzako kumene amagula lenileni. Ntchito yako ndi yokhala pa kompyuta tsiku lonse, ndipo ukatanganidwa umaiwala kudya, ndinakuona pa holide yapitayi. Uzidya nthawi yake. Uziimirira n'kuyendako, msana wanga unawonongeka ndi kuwerama. Ukapeze tchalitchi, ngakhale mapempheredwe awo akhale ozizira. Nyemba ndakuikira pang'ono, akakulanda pabwalo la ndege usalimbane nawo. Foni uziimba Lamlungu masana, nthawi imene timakhala pamtunda pa tchalitchi pamene netiweki imagwira. Bambo ako sadzakuuza kuti akusowa, koma uziwapatsa nthawi yawoyawo yoyankhula nawe, usamangoti muwapatse moni.

Tsopano nkhani imene ndakhala ndikuizungulira. Palibe amene ndinamuuzapo, ngakhale bambo ako.

Zinachitika m'chaka changa choyamba chomwecho, miyezi ingapo chichitikire za mendulo, iwe usanabadwe. Chipatalacho sindichitchula, chifukwa wolakwa ndinali ine ndekha. Chinali kutali ndi kuno, koma masiku amenewo kuno kunalibe makina ojambulira, ndiye anthu akwathu ankatumizidwa kumeneko. Tsiku lina kunabwera abambo awiri a chifuwa, onse a Kanjala, koma osati apachibale. Wina anali a Lameki, kalipentala wa pa Lisungwi. Wina anali a Luka, mlimi wa cha ku Matandani. Ndikuwaimika pamakina, a Luka anandipempha kuti ndisawakoke phewa kwambiri, chifukwa fupa la pamenepo linathyokapo atagwa pangolo ali mnyamata. Ndinajambula onse awiri, n'kutsuka mafilimu awo nthawi imodzi, n'kulemba pa maenvulopu onse awiri kuti L. Kanjala, kusiyanitsa ndi manambala okha.

Filimu imodzi inali ndi mapapo oyera bwino. Inayo inali ndi mithunzi ya chifuwa chachikulu. Makhololo a onse awiri sanaonetse kanthu, ndiye a Nkhoma anadalira zithunzi. A Luka anawagoneka m'wodi n'kuyamba kuwabaya jakisoni tsiku ndi tsiku, monga ankachitira nthawi imeneyo. A Lameki anawapatsa mapiritsi a chifuwa wamba n'kuwauza kuti azipita kwawo.

Patapita masiku anayi ndinkabwezera maenvulopu pashelefu. Ndinatulutsa filimu ya mu envulopu ya a Lameki, yoyera ija, kuti ndione ngati yauma bwino. Paphewa panali fupa lothyoka limene linalumikizana kalekale. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Panalibe chokayikitsa. Filimu yoyerayo inali ya a Luka, amene anali m'wodi kulandira jakisoni wa matenda amene analibe. Filimu ya mithunzi inali ya a Lameki, amene anali kwawo ku Lisungwi akupala matabwa.

Ofesi ya a Nkhoma inali pakhomo lachitatu kuchokera pamene ndinaima. Ndinali ndidakali pa nthawi yoyesedwa ntchito. Dzina la Namendulo linali lisanathe. Ndinadziuza kuti ndikanena mawa, a Nkhoma akakhala kuti sanatope. Mawa lake ndinadziuza kuti a Lameki akapitiriza kutsokomola abwereranso okha, tidzawajambulanso, zonse zidzakonzeka popanda wina kudziwa. Ndinadziuzanso kuti jakisoni sangawaphe a Luka. Sabata itatha, kunena kunavuta kuposa tsiku loyamba, chifukwa tsopano ndikanayenera kufotokozanso chifukwa chimene ndinakhalira chete sabata yonse. Mwezi utatha zinali zosatheka. Ichi ndi chimene ndikufuna umvetse, Tiyamike. Palibe tsiku limene ndinasankha kubisa. Tsiku lililonse ndinkangosankha kudikira.

A Luka anakhala m'wodi miyezi iwiri, nthawi ya dzinja, munda wawo n'kugonera. Ndinkawaona pakhonde la wodi akuwothera dzuwa, n'kumandipatsa moni mwaulemu. Anatuluka akuthokoza kuti achira.

A Lameki anabweranso patatha miyezi isanu, nthawi yokolola. Anachita kuwanyamula, akazi awo ali pambali. Ndinawajambula ndine. Sankatha kuima, ndiye akazi awo anawagwirira. A Nkhoma anaika filimu yatsopano pagalasi, pambali pake n'kuika yakale ya mu envulopu yawo, yoyera ija. Anayang'ana uku ndi uku.

"Matendawa athamanga bwanji chonchi? Miyezi isanu yokha?" anatero.

Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo. Fupa la paphewa linkaoneka bwinobwino pa filimu imodzi, pa inayo palibe. Ndinkadikira kuti alione. Maso awo anali pa mapapo. Anazimitsa galasi n'kulemba mankhwala.

A Lameki anamwalira m'wodi patatha masabata atatu. Anasiya ana anayi. Akazi awo ponyamuka anadzera kuchipinda changa kudzandithokoza, ati ndinkawayankhula bwino amuna awo powajambula.

Sindikudziwa ngati akanachira akanayamba mankhwala miyezi isanu m'mbuyo. Zinali zaka zimene anthu ambiri ankamwalira ngakhale alandire mankhwala msanga, ndipo ndakhala ndikudzitonthoza ndi zimenezo. Koma sindikudziwa, ndipo mpata wodziwira ndinauchotsa ndine. Sindikudziwanso ngati ena m'nyumba mwawo anatengera matendawo m'miyezi imeneyo. Sindinafunse.

Bambo ako ananena zoona kuti pa ntchito yako palibe amene angafe. Gulu la milalang'amba ukaliyeza molakwika lidzakhalabe mmene lilili. Koma unatiuza wekha kuti ntchito yanu ndi yosanjikiza: wina amatenga kulemera kumene iwe wapeza n'kukuphatikiza ndi kwa ena kuti anene mmene chilengedwe chinakulira, wina n'kupempha kuti makina a mumlengalenga aja alozedwe pa magulu ako kwa masiku, anzake akudikira pamzere. Mwinanso wophunzira wina adzatha zaka zake kufunafuna chifukwa chimene magulu atatuwo alili olemera chotero, pamene iwe ukudziwa kuti si olemera. Ameneyo ndiye a Luka ako. Ndipo pali iwe mwini. Ine ndinagwira ntchito bwino zaka zonse zotsatira, ndinaphunzitsa ambiri, popuma anandipatsa nsalu ndi mawu okoma. Palibe tsiku limene ndinamva kuti mawuwo ndi anga. Sindikufuna kuti udzalandire digiri yako uli ndi mtima wotero.

Ukawauze sabata yoyamba. Ukaona kuti pakamwa pakukanika, monga pamandikanikira ine, ukawalembere, n'kupita ndi pepalalo m'manja. Usakadikire tsiku limene adzakhale osatopa.

Mayi Kanjala, akazi a malemu a Lameki, alipo. Amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa pa Lisungwi, pafupi ndi pamene amaima a njinga. Chipumire ntchito ndakhala ndikugula kwa iwo nthawi iliyonse ndikadutsa, ndipo amandiwonjezera tomato awiri kapena atatu, n'kumauza anzawo kuti awa ndi anesi aja anasamala bambo a kunyumba. Ndimalandira tomatoyo.

Sindingakutume kukachita chimene ine ndachilephera zaka zonsezi. Bambo ako ndiwauza madzulo ano tikatha kudya. Mawa ndikuperekeza mpaka pa Zalewa, ndipo ukakwera basi ya ku Blantyre, ine pobwerera nditsika pa Lisungwi. Ndikawapempha mayi Kanjala kuti tikhale pambali, ndikawauze mmene zinakhalira, popanda kulira ndi popanda kutchula za magetsi. Chimene akachite ndi chawo. Akhoza kundithamangitsa pamsika anthu akuona. A Luka anamwalira zaka zapitazo ndi ukalamba, koma ana awo ali ku Matandani, ndipo azakhali ako akudziwa khomo lawo. Kumeneko ndidzapita sabata yamawa.

Pamene ukuwerenga kalatayi, ine ndanena kale. Ukaimba foni Lamlungu usandifunse mmene zinathera pa Lisungwi ngati iwe usanalowe mu ofesi ya apulofesa ako. Ukadzalowamo, udzayambe ndiwe kundiuza zako, kenako ine ndidzakuuza zanga.

Uyende bwino, Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako.